Mbira ikasiya kudya: zoyenera kuchita tsiku lomwelo

Mbira yathanzi imakhalira kutafuna. Usana ndi usiku imadya, kupumira pang'ono, n'kuyambanso, ndipo pamene yakhala imasiya timibulu ta ndowe tambirimbiri, mwina kufika 100 pa tsiku. Ndiye mukabwera ndi kapinga m'mawa, zinzake n'kuthamangira kukhomo kwa khola zikulira kwii kwii, koma imodzi n'kukhala duu pakona, musati yakhuta. Mbira imene yatha maola 12 osadya ili pangozi, ndipo ikatha tsiku lathunthu kuibweza kumavuta kwambiri. Ine ndimaweta mbira kuseri kwa nyumba kuno ku Zomba. Zinabwera ngati za ana, koma wozidulira udzu ndi kuzisesera ndine, ndipo izi ndi zimene ndimachita ndikaona kuti m'mimba mwa imodzi simuli bwino.

Muyambe mwadziwa mmene mimba yake imagwirira ntchito, chifukwa zonse zotsatirazi zikuchokera pamenepo. Kwawo kwa mbira zowetazi ndi kumapiri a Andes, ku Peru, Bolivia ndi Ecuador, kumene anthu anayamba kuzisunga zaka masauzande zapitazo. Ndi nyama ya udzu. Ntchito yaikulu yogaya chakudya sichitikira m'chifu, imachitikira kumunsi, m'thumba lalikulu la matumbo lotchedwa caecum, lomwe limatha kusunga gawo loposa theka la zonse zili m'mimba. M'thumbamo mumakhala tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, tomwe timaphwanya udzu kuti usanduke chakudya cha thupi. Udzu ukamalowa, matumbo amayenda. Ukasiya kulowa, matumbo amaima, zimene zatsalira m'kati zimayamba kusasa, mpweya umadzaza, mimba imapweteka, ndipo ululuwo umachititsa kuti mbirayo ikanenso kudya. Mbira sisanza, choncho chimene chalowa chilibe njira ina yotulukira koma kumbuyo. Kwa mbira yonenepa kapena yabere, kusala kudya kumawononganso chiwindi msanga.

Mukaiona ikupinda mutu pakati pa miyendo yakumbuyo n'kudzuka ikutafuna, isiyeni. Ikudya ndowe zina zofewa zimene thupi lake limapanga dala, ndipo m'menemo imapezamo mavitamini a B ndi K pamodzi ndi tizilombo tabwino tija. Yodwala ndi imene yasiya kuchita zimenezi.

Kuyang'ana musanachite kalikonse

Itengeni muiike m'katoni yoyala nsalu yoyera kapena thumba loyera la ufa lochapa bwino. Muikemo udzu wouma ndi madzi. Katoniyo ikhale pafupi ndi khola kuti izimva zinzake, popeza mbira ikakhala yokhayokha imakhumudwa n'kusiyiratu kudya. Chifukwa choipatulira n'chimodzi: m'khola la mbira zisanu simungadziwe kuti ndowe izi ndi za iti.

Pakatha maola awiri kapena atatu, onani zimene zili pansalupo. Ndowe zabwino zimakhala zazitali pang'ono, zozungulira kumapeto konse, zoderapo, zolimba koma zosauma gwa, ndipo zonse zofanana kukula. Zikakhala ting'onoting'ono, touma, tosongoka mbali imodzi, ndiye kuti mbirayo ikudya pang'ono kapena m'thupi mwachepa madzi. Zikakhala zofewa, zomatana, zomatirira kumapazi, kawirikawiri yadya masamba aawisi kapena zipatso mopitirira. Zikakhala zamadzimadzi, zonunkha, zosakanikirana ndi mamina kapena magazi, imeneyo ndi ngozi ya lero lomwe. Pansalu pakakhala popanda kanthu, ndi ngozinso.

Kenako gwirani mimba ndi zala, pang'onopang'ono, kuseri kwa nthiti. Yabwino imakhala yofewa, zala zimalowa. Ikakhala yotupa mbali zonse, yokungika, n'kumveka ngati ng'oma mukaigogoda ndi chala, ndipo mbirayo ikupuma mofulumira kapena kukukuta mano, ndiye kuti mpweya wadzaza, mwinanso chifu chapotana. Zikatero musaidyetse mokakamiza, musaitikite mwamphamvu, nyamukani mupite nayo kwa dokotala wa ziweto.

Onaninso pachibwano. Pakanyowa ndi malovu, vuto likhoza kukhala mano. Mbira ili ndi mano 20 ndipo onse amakula moyo wake wonse. Amafupika pokhapokha ikamatafuna udzu wolimba. Mbira yokulira madeya ndi zotsala za nsima mano ake am'kati amatalika mpaka kutsekereza lilime. Imabwera pachakudya ili ndi njala, kuchinunkhiza, kuchitola, n'kuchigwetsa. Mano amenewo simungawaone ndi maso kunyumba, ndipo musayese kuwadula ndi chowengera zikhadabo.

Pomaliza iyezeni pa sikelo ya kukhitchini. Yaimuna yaikulu imalemera pakati pa magalamu 900 ndi 1,200, yaikazi pakati pa 700 ndi 900, ngakhale zathu zakumudzi zambiri zimachepera pamenepo. Chofunika ndi kuyerekeza ndi mmene inalili sabata yatha. Ine ndimayeza zanga Loweruka lililonse n'kulemba pakhoma la khola ndi choko. Ikatsika ndi magalamu 50 ndimayamba kuilondalonda, ikatsika ndi 100 ndimadziwa kuti yakhala ikudwala masiku angapo ndisakuona. Mbira ndi nyama yodyedwa ndi zilombo, choncho imabisa kudwala mpaka mphamvu zitatheratu, koma sikelo imakuuzani msanga.

Makapusozi a mugolosale ayi

Apa ndi pamene mbira zambiri zimafera m'manja mwa anthu ozikonda. Tinazolowera kuti nkhuku ikazyolika timatsegula kapusozi n'kuthira m'madzi, mbuzi ikatsekula m'mimba timaibaya jakisoni. Kwa mbira mankhwala ambiri opha tizilombo ta matenda m'thupi (maantibayotiki) ndi poizoni. Penicillin, amoxicillin, ampicillin, erythromycin, clindamycin, lincomycin ndi gulu la cephalosporin, onsewa asayandikire pakamwa pake. Jakisoni wosakaniza penicillin ndi streptomycin, amene amagulitsidwa m'mashopu a mankhwala a ziweto ndipo amathandiza mbuzi ndi ng'ombe, mbira ayi.

Chimene chimachitika n'chakuti mankhwalawa amapha tizilombo tabwino ta m'thumba lija, n'kusiya malo kwa tina toipa ta mtundu wa Clostridium. Toipato timachulukana n'kutulutsa ululu umene umawotcha matumbo. Mbira imayamba kutsekula m'mimba mwamphamvu patapita masiku ochepa, ndipo zambiri sizipulumuka. Mwini wake amaganiza kuti matenda ndi amene akula, n'kuwonjezera kapusozi wina.

Ndimaikira mtima pa nkhaniyi chifukwa alangizi athu a ziweto ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, ndipo mbira sakumana nazo kawirikawiri. Palibe chipongwe kufunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, mankhwala amenewa muli penicillin? Ndinamva kuti mbira sayanjana nayo." Wodziwa ntchito yake sakwiya ndi funso lotere. Opha tizilombo amene madokotala amagwiritsa ntchito pa mbira ndi monga enrofloxacin ndi cotrimoxazole, ndipo nawonso amaperekedwa potengera kulemera kwake, pamene dokotala waona kuti akufunikadi. Mavuto ambiri a m'mimba mwa mbira safuna n'komwe mankhwala opha tizilombo.

Panado, mankhwala oletsa kutsekula m'mimba a anthu, madzi a nimu ndi tsabola amene timamwetsa nkhuku, zonsezi zisiyeni. Kanyama kosafika kilogalamu imodzi sikoyeserapo mlingo.

Kuidyetsa ndi sirinji

Ngati mimba ndi yofewa koma mbira sikudya, ntchito yanu ndi kulowetsa udzu m'mimbamo kuti matumbo asaime, pamene mukukonza zopita kwa dokotala. Yambani ndi kuinyengerera. Iperekeni chimene imakonda koposa: nsonga zanthete za kapinga, makoko aawisi a chimanga, kachidutswa ka girinipepa. Muchiike pamphuno pake penipeni. Ikaluma ngakhale kamodzi, ndi chiyambi chabwino.

Ikakana, tengani sirinji ya 1 ml yopanda singano ku famase. Dulani kansonga kake ndi mpeni kuti bowo likule, n'kupala m'mphepete kuti musakhale mwakuthwa. Amene muli ku South Africa kapena ku Britain mukhoza kugula ufa wopangira nyama zotere zikadwala, monga Critical Care wa kampani ya Oxbow, wongosungunula ndi madzi ofunda. Ngati muli ndi chakudya cha mbira cha m'paketi, chiviikeni m'madzi ofunda mpaka chiphwanyike. Ine ndimasinja kapinga wamuwisi wotsuka mumtondo woyera, wosasinjiramo tsabola kapena adyo, mpaka asalale, n'kusakaniza ndi dzungu lophika lopanda mchere pang'ono chabe, longoti zigwirane, kenako madzi owiritsa ozizira kuti zithe kudutsa m'sirinji. Ulusi wa udzuwo musausefe wonse, ndi umene ukufunika. Phala la ufa, mkaka, shuga ndi buledi musaike, chifukwa zimangodyetsa tizilombo toipa tija. Konzani zongokwanira tsiku limodzi.

Khalani pansi, ikulungeni mbirayo m'chitenje mutu wokha uli kunja, miyendo yonse inayi ili pansi pamwendo panu. Musaigoneke chagada, chakudya chingalowe m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Kuseri kwa mano akutsogolo kuli mpata wopanda mano. Lowetsani sirinji pamenepo kuchokera m'mbali, finyani theka la mililita, n'kudikira. Mukaona nsagwada zikuyenda, ikumeza, perekaninso. Ikangosunga chakudya m'kamwa osatafuna, kapena chikutuluka m'mphuno, lekani pomwepo.

Mbira yolemera kilogalamu imodzi imene sikudya konse imafunika pafupifupi mamililita 60 pa tsiku, osachepera, ogawa m'magawo a 10 kapena 15 pa maola atatu kapena anayi aliwonse, usiku womwe. Zimatenga nthawi, ndipo chitenje chimada, koma matumbo sadziwa kuti kunja kwada. Madzi imafuna pafupifupi mamililita 100 pa kilogalamu pa tsiku, kuphatikiza amene ali m'chakudyacho. Muziimwetsa pang'onopang'ono pakati pa magawo a chakudya.

Yodwala imazizidwa msanga. Thupi la mbira limayenera kutentha madigiri 37 mpaka 39.5. Makutu ndi mapazi zikazizira, thirani madzi ofunda m'botolo, likulungeni m'nsalu, muliike mbali imodzi ya katoni kuti ikatenthedwa ithe kuchokapo. Mbira yozizira kwambiri iyambe yafunda musanaidyetse. Mukatha kuidyetsa iikeni pansi iyendeyende pang'ono, kuyenda kumathandiza matumbo. Mukhoza kuisisita pamimba ndi nsonga za zala, mopepuka, ndipo ikalira lekani.

Pali china chimene ena amanyansidwa nacho koma oweta mbira ambiri amachita. Tengani timibulu tiwiri kapena titatu tatsopano ta mbira yathanzi, tisungunuleni m'madzi pang'ono, mumwetse yodwalayo. Cholinga n'kubwezeretsa tizilombo tabwino. Ngati ikumwa mankhwala opha tizilombo ochokera kwa dokotala, dikirani ola limodzi kapena awiri ikamwa mankhwalawo.

Ikatsekula m'mimba

Ndowe zikangofewa koma mbira ikudya ndi kuyenda bwino, chotsani masamba onse aawisi ndi zipatso kwa tsiku limodzi kapena awiri, musiye udzu wouma wochuluka ndi madzi oyera. Nthawi zambiri zimalimba zokha. Koma zikakhala zamadzi, musadikire mawa. Kanyama kochepa chotere kamatha madzi m'thupi m'maola ochepa. Tsinani khungu la pamsana n'kulisiya: likachedwa kubwerera, madzi achepa kale. Sungunulani ORS monga zalembedwera papaketi, muziimwetsa mililita imodzi kapena awiri pafupipafupi muli panjira. Ana a mbira ongoleka kuyamwa ndi amene amafa msanga, ndipo mwa iwo kawirikawiri choyambitsa chimakhala tizilombo ta coccidia, tomwe timafala m'khola lonyowa ndi lothithikana.

Kumbuyo kwake muzikupukuta ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda n'kuumitsa. Nthawi yotentha ntchentche zimaikira mazira paubweya wonyowa, ndipo mphutsi zimaswa pasanathe tsiku. Inunso sambani m'manja ndi sopo, ndipo ana asaigwire mpaka itachira. Mbira zimatha kunyamula tizilombo ta Salmonella, tomwe timadwalitsanso anthu. M'midzi yambiri mbira zimagona m'khitchini chifukwa cha kufunda, koma yotsekula m'mimba ichoke pafupi ndi miphika ndi mbale.

Vitamini C

Mofanana ndi munthu, thupi la mbira silipanga vitamini C. Mu 1907 madokotala awiri a ku Norway, Axel Holst ndi Theodor Frølich, anadyetsa mbira mbewu zouma zokhazokha ndipo zinadwala scurvy, matenda amene ankapha amalinyero. Mbira yosowa vitamini ameneyu nkhama zimatupa, mfundo zimapweteka, imayenda motsimphina, ubweya umayima, imasiya kudya, ndipo m'mimba mumasokonekera. Yathanzi imafuna pafupifupi mamiligalamu 10 pa kilogalamu tsiku lililonse, yabere kapena yodwala 30. Kachidutswa ka girinipepa tsiku ndi tsiku, kapena ka gwafa apo ndi apo, kamakwanira. Pamene mwachotsa zamasamba, gulani mapiritsi a vitamini C yekha, osati osakaniza mavitamini ambiri. Ngati piritsi ndi la mamiligalamu 100, dulani kanayi, phwanyani gawo limodzi m'chakudya cha m'sirinji. M'madzi akumwa musathire, amatha mphamvu msanga ndipo mbira zina zimakana madziwo chifukwa cha kakomedwe.

Kwa dokotala

Ku Lilongwe kuli chipatala cha ziweto cha bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli cha SPCA, ndipo m'maboma muli maofesi a zaziweto. Nyamulani mbira m'katoni yoboola, muli udzu wouma, osaiika padzuwa m'minibasi. Tengani ndowe zatsopano m'kapepala ka pulasitiki kuti akaziyeze. Mukafika fotokozani nthawi imene inadya komaliza, imene inachita chimbudzi komaliza, zimene inadya masiku atatu apitawa, kulemera kwake kwa sabata yatha, ndi mankhwala aliwonse amene wina kunyumba anaipatsa. Chimene dokotala angachite chomwe inu simungathe ndi kuibaya madzi pansi pa khungu, kuipatsa mankhwala oletsa ululu monga meloxicam, kuona mano am'kati, ndi kuipatsa mankhwala oyendetsa matumbo monga metoclopramide akatsimikiza kuti m'kati simunatsekeke. Pemphani mankhwala oletsa ululu makamaka. Mbira imene ikumva kuwawa sidya, ngakhale muipatse chakudya chokoma bwanji.

Zamphongo zokalamba zili ndi vuto lawolawo. Minofu ya kumbuyo ikafooka, ndowe zofewa zija zimaunjikana m'kathumba ka pamalo otulukira chimbudzi n'kupanga chibuma chonunkha. Ili mukhoza kuthana nalo nokha. Valani magolovesi, fewetsani ndi madzi ofunda, tsegulani khungu pang'ono n'kuchotsa ndi kathonje kopaka mafuta ophikira. Ikayamba vutoli imakhala nalo moyo wake wonse, ndiye muziona tsiku lililonse.

Chimene chinaidwalitsa

Ikayamba kuchira, bwererani m'mbuyo mufufuze. Kwa ine mwezi woopsa ndi Disembala. Mbira zimakhala zatha miyezi yachilimwe zikudya zouma, mvula n'kugwa, udzu wanthete n'kumera, ana n'kudzaza khola ndi msipu wonyowa tsiku limodzi. Tizilombo ta m'mimba timafuna nthawi kuti tizolowere chakudya chatsopano. Yambani ndi kadzanja kamodzi, muziwonjezera pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri, udzu wouma uli pomwepo. Udzu wodulidwa ukaunjikidwa m'thumba umatentha n'kusasa, makamaka wotchetcha ndi makina, ndipo umatupitsa mimba. Uyanikeni pamthunzi. Okutobala nayenso ali ndi vuto lake: mbira sizipirira kutentha kopitirira madigiri 27 kapena 28, ndipo m'khola lofolera malata zimangogona osadya.

Funsani wodula udzu kumene anaudula. M'mphepete mwa munda wopopera mankhwala opha udzu kapena mbozi, m'ngalande za m'tauni, ndi pamene agalu amadzithandizira, si malo odulapo. Onani madeya ngati achita nkhungu, ndipo ngakhale abwino akhale ochepa kwambiri. Kabichi wambiri amadzaza mpweya. Masamba a mbatatesi ndi a tomato, anyezi, mapeyala, chigwada chachiwisi, nsatsi, ombwe ndi lantana wa m'mipanda asalowe m'khola. Lukina amene timadyetsa mbuzi ali ndi poizoni wotchedwa mimosine amene nyama zosabzikula sizitha kuthana naye bwino, choncho mbira ndimaimana.

Chakudya chake chenicheni ndi udzu, wochuluka moti usathe m'khola: kapinga, nsenjere yanthete, ndi wouma wosunga. Wouma wabwino ndi wodula ukadali wobiriwira usanachite maluwa, woyanika pamthunzi mpaka uume koma osataya mtundu, n'kusunga pamalo osadontha. Udzu wofolera nyumba wa mu Ogasiti ulibe chakudya. Pamwamba pa udzuwo ndi pomwe mungawonjezere chisoso, kholowa pang'ono ndi girinipepa.

Mbira imene ikuchira imayamba kutulutsa timibulu tochepa, ting'onoting'ono, tosaoneka bwino, nthawi zina tokutidwa ndi mamina. Pitirizani sirinji, muzichepetsa pamene yayamba kudya yokha, ndipo muziiyeza m'mawa uliwonse nthawi yofanana. Sirinji muisiye pokhapokha sikelo yaima kapena yayamba kukwera kwa masiku atatu otsatizana. Zamasamba zibwerere mtundu umodzi pa nthawi, tsamba limodzi lero, n'kuona ndowe mawa lake musanawonjezere lina.